Mafunso 80 a akatswiri ndi funso limodzi la malume

Lachinayi usiku, kuno ku Ulongwe. Ana agona kale koma ine tulo sitikubwera, chifukwa mawu amene malume anandisiyira pakhonde masana ano akungozungulirabe m'mutu mwanga.

Anachokera ku Domwe ndi matumba a kachewere kudzagulitsa pamsika, ndipo podikira chapa (minibasi) yobwerera anapatukira kwathu. Anandipeza nditachita tsinya pafoni, ndikukonza phunziro la jogalafe lonena za madera a madzi oundana a kumpoto ndi kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Atandifunsa chimene chinandizunguza, ndinawafotokozera kuti m'chaka cha 2014 akatswiri 75 ochokera m'mayiko 22 anakumana ku New Zealand, moitanidwa ndi bungwe la SCAR limene limagwirizanitsa kafukufuku wa ku Antarctica, dera la kummweralo, ndipo pa mafunso mazanamazana amene anthu anatumiza anasankhapo 80 okha kuti ndiwo ayambirire kufufuzidwa m'zaka makumi awiri zotsatira.

Malume anamwa madzi amene mayi a kunyumba anawapatsa, n'kuika kapu pansi pang'onopang'ono. "Aphunzitsi," anatero, ndipo iwo amandiitana choncho pokhapokha akafuna kundigwetsa, "pa mafunso 80 amenewo, lilipo lofunsa tsiku limene mvula idzayambe ku Domwe?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinayamba kuwalongosolera kuti kusankha n'kofunika chifukwa kumeneko sikofikirika ngati ku Tsangano. Ofufuza ambiri amagwira ntchito miyezi yochepa ya dzuwa, kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale, ndipo sitima ya S.A. Agulhas II imene imanyamuka ku Cape Town kupititsa anthu ndi katundu kumsasa wa SANAE IV ku Antarctica siingaime paliponse pamene munthu angafune. Choncho amalimbirana. Ena akuti choyamba chikhale chimtanda cha madzi oundana chotchedwa Thwaites, chimene chikudyeka kunsi ndi madzi ofunda a m'nyanja, ndipo chitasungunuka chonse nyanja ingakwere ndi masentimita pafupifupi 65. Ena akuloza ku Arctic, dera la kumpoto lija, kumene kuyambira 1979 kwakhala kukutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndipo nthaka imene inauma gwaa ndi chisanu kwa zaka zikwizikwi yayamba kufewa n'kumatulutsa mpweya wowonjezera kutentha. Enanso akufuna kudziwa chimene chinachititsa kuti madzi oundana oyandama panyanja yozungulira Antarctica achepe kwambiri mu 2023 kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuwayeza ndi makina a mumlengalenga.

Ndinawauza kuti ndikanakhala m'chipinda chosankhiramo, ine ndikanaika Thwaites patsogolo, ndipo mpaka pano sindinasinthe maganizo. Mzinda wa Beira unamangidwa pansi kwambiri, pafupifupi kulingana ndi nyanja, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe Idai anachita kumeneko mu Malichi 2019. Ku Quelimane, komanso ku Chinde kumene Zambezi amathirira m'nyanja, nakonso n'kotsika. Amene akumanga khoma loteteza gombe ayenera kudziwa kutalika kwake, ndipo yankho lake lagona pansi pa madzi oundana amenewo. Malume anangoti, "Nyanja ikadzafika ku Domwe ndiye kuti dziko latha kale." Pamenepo analasa, pakuti ife a ku Angónia tikukhala pamtunda wopitirira mamita 1,000.

Chimene chinawagwira mtima pang'ono ndi nkhani yoboola. Ndinawauza kuti chipale chikagwa chaka ndi chaka chimatsekera timpweya m'kati mwake, moti pamalo otchedwa Dome C ku Antarctica anaboola n'kutulutsa mizati ya madzi oundana yosunga mpweya wa zaka 800,000 zapitazo, ndipo mu Januwale 2025 gulu lina linalengeza kuti lafika pa mamita 2,800 pansi, pamene pali wa zaka zoposa miliyoni imodzi. Apa anagwedeza mutu n'kunena kuti imeneyo ndi nkhokwe, ndipo mwini nkhokwe yotere ndi munthu wanzeru. Koma sanachedwe kubwerera pamfundo yawo. "Zadzulo akuzidziwa. Nanga ine ndibzale liti? Chimanga cha 2024 chinapserera chili m'chiuno, feteleza nditathira kale."

Ndinayenera kuvomera, ndipo zinandiwawa kuvomera, kuti chilala chimenecho chinabwera ndi El Niño, amene gwero lake ndi nyanja ya Pacific. Ndinayesa kulumikiza ponena kuti nyanja yozungulira Antarctica imameza gawo lalikulu la kutentha ndi mpweya wa kaboni umene anthu tikutulutsa, ndi kuti mphepo yozizira imene imatikhalitsa pamoto mu Juni imachokera kummwera komweko. Zonsezo n'zoona, koma sizikanawauza tsiku lobzala, ndipo iwo anaona kuti ndikuzungulira.

Chimene chikundisautsa usiku uno si kugonja pa mkangano, pakuti malume akhala akundigonjetsa kuyambira ndili wa kabudula. Chikundisautsa n'chakuti ndinakhala ola lathunthu ndikulankhulira anthu amene sanandifunsepo kanthu, ngati nyakwawa yoteteza mfumu imene sinaionepo. Pangano la Antarctica linasainidwa mu 1959 ndi mayiko 12, ndipo wa mu Africa analipo South Africa yekha. Amene ali ndi sitima ndi misasa ndiwo amalemba mafunso. Komatu kutenthako nafe kukutikhudza, ndipo tili ndi dzanja pang'ono pa gwero lake, chifukwa aliyense amene anadutsapo ku Moatize anaona mabogi a malasha atandandalika kupita ku Nacala ndi ku Beira kuti akawotchedwe kutsidya kwa nyanja. Mlatho wa pa Revubue umene unagumuka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 unali wathu. Mwina kutentha kwa Okutobala kuno ndiko kukundipsetsa mtima mopitirira muyeso, pakuti ngakhale kuno kumapiri malata akutentha ngati chiwaya mpaka usiku.

Komabe sindikufuna kuti maganizo a malume andikokere kutali. Akatswiri a madzi oundana akasiya Thwaites n'kuyamba kulosera mvula ya ku Domwe, ntchito ziwiri zonsezo zingawonongeke. Funso lawo ndi la a zanyengo a kuno kwathu, amene akufunika zipangizo zoyezera mvula m'midzi yambiri. Kungoti thumba la ndalama za kafukufuku padziko ndi limodzi, ndipo sindikudziwa kuti ndikanawayankha chiyani akanandifunsa kuti ine ndikanaligawa motani.

Chaka chachisanu cha mayiko onse chofufuza madera a madzi oundanawa chakonzedwa kuti chidzachitike mu 2032 ndi 2033, ndipo zoti zidzafufuzidwe akuzikambirana panopa. Ophunzira anga a mawa adzakhala atapitirira zaka makumi awiri nthawi imeneyo. Ndinaganiza zowauza kuti aliyense alembe funso limodzi limene angatumize, kenaka ndinaopa kuti onse alemba la malume.

Chapa itafika malume ananyamuka mwachangu, n'kundisiyira kachewere wodzaza beseni amene sanagulidwe. Ali pakhomo la galimoto anatembenuka n'kunena kuti ndikawapeza akatswiriwo ndiwapatse moni. Phunziro lija ndangolemba mutu wokha, ndipo foni yatsala pang'ono kuzima.