Foda ndi ya ndani? Mmene ndinalimbanirana ndi TeX Live pa Ubuntu

Aphunzitsi ondiyang'anira pa kafukufuku ataona masamu anga mu Word anati akuoneka ngati papalasa nkhuku, ndikawalembenso mu LaTeX, njira yolembera zolemba zokhala ndi masamu kuti zizioneka mwaukhondo. Pa laputopu yanga pali Ubuntu 24.04, ndipo TeX Live, mtolo wa mapulogalamu oyendetsera LaTeX, inalowa popanda vuto ndi apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu. Zinayamba kuvuta nditafuna kulemba miyeso ndi phukusi la LaTeX lotchedwa siunitx: `File siunitx.sty not found`.

Ndinalemba `tlmgr install siunitx` (tlmgr ndi chida cha TeX Live choikira maphukusi). Inandiuza kuti ikugwira ntchito mu user mode, kutanthauza kuti iika zinthu m'foda yanga yokha, ndinapanga `tlmgr init-usertree`, kenako inakananso: TeX Live yanga ndi ya 2023 pomwe CTAN, nkhokwe ya maphukusi ya pa intaneti, inali itafika kale pa 2024. Kunena zoona, `sudo apt install texlive-science` ikanathetsa nkhani yonse pomwepo, chifukwa siunitx ili mmenemo. Koma phuma linandipweteketsa. Ndinatsitsa install-tl, pulogalamu yoikira TeX Live mosadutsa ku apt, n'kusankha scheme-basic poti scheme-full imadya malo oposa 7 GB ndipo bandulo yanga sikanakwana, n'kuiyendetsa ndi sudo, lamulo lopereka mphamvu za root, mwini ulamuliro wonse pa kompyuta. Zonse zinakakhala ku /usr/local/texlive/2024, mwini wake root.

Apa ndiye ndinali ndi ma TeX Live awiri m'nyumba imodzi, osadziwa amene akundiyankha. Nditafunsa komwe kuli pdflatex, pulogalamu yotulutsa PDF, `which pdflatex` inaulula: /usr/bin/pdflatex, yakale ija. Ndinaika /usr/local/texlive/2024/bin/x86_64-linux patsogolo pa PATH (mndandanda wa mafoda omwe kompyuta imafufuzamo mapulogalamu) mu ~/.profile, ndinatuluka n'kulowanso, ndipo yatsopano inayamba kumveka.

Ndiye tlmgr inati ndilibe chilolezo chosintha kanthu, foda ya tlpkg sindingalembemo. Chabwino, ndinaika sudo patsogolo. Taonani, yabweranso nkhani ya user mode ndi 2023! Ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira. Chinsinsi chake n'chakuti sudo satenga PATH yanu. Ali ndi yake, yotchedwa secure_path, yolembedwa mu /etc/sudoers. Ndiye ndikaitana ndekha imabwera tlmgr yatsopano yopanda mphamvu, ndikaitana ndi sudo imabwera yakale ya apt.

Njira zilipo ziwiri. Pa kompyuta ya anthu ambiri, ngati ya mu labu, lembani `sudo env PATH="$PATH" tlmgr install siunitx`, foda ikhalebe ya root kuti wina aliyense asamagwiregwire. Ine laputopu ndi yanga ndekha, ndiye ndinangotenga umwini: `sudo chown -R $USER /usr/local/texlive/2024`. Za `chmod 777` (kulola aliyense kulemba m'foda) zimene ena amalangiza musazimvere, kumeneko n'kuzula chitseko chifukwa kiyi wasowa. Chichokereni tsikulo tlmgr ndimaiyendetsa popanda sudo, ndipo siunitx inalowa m'kanthawi kochepa.

Ndinaganiza kuti ndawoloka, koma pdflatex inaima nthawi yomweyo: `I can't write on file`, n'kutchula mutu1.log. Foda yanga yomwe, ya ku /home! `ls -l` inaonetsa `root root` pa mutu1.log, mutu1.aux ndi mutu1.pdf. Ndinakumbuka kuti usiku wa dzana, mtima utakwera, ndinalemba `sudo pdflatex` kamodzi kokha, ndipo mafayilo onse amene anatuluka anakhala a root. Poti foda ndi yanga ndinatha kuwafufuta ndi `rm`, inangofunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinayendetsa pdflatex kawiri kuti manambala a matebulo akhazikike, ndipo PDF ya masamba 14 inatuluka. Yakale ya apt ndinaisiya pomwepo, chifukwa TeXstudio, pulogalamu yolemberamo LaTeX imene ndinaika ndi apt, ndikuigwiritsabe ntchito ndipo sindinafune kuyambitsa mlandu wina usiku umenewo.