Kuboma kwathu, m'tsinde mwa phiri la Dedza

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1 akayenda makilomita pafupifupi 85, amaona phiri lalikulu kudzanja lamanzere, nthawi zambiri litafunda nkhungu kumutu. Apaulendo ambiri amaima pamphambano, nagula kachewere ndi kabichi kudzera pazenera la basi, kenaka n'kupitirira ulendo wa ku Ntcheu akukhulupirira kuti aiona Dedza. Koma tauni yeniyeniyo ili chapatali pang'ono ndi msewu waukuluwo, yabisala m'tsinde mwa phiri, ndipo amene sanapatuke sadziwa kuti kuseri kwa mitengoyo kuli misika, makhoti, matchalitchi ndi anthu pafupifupi 30,000. Ife amene tinakulira m'midzi yozungulira sititchula dzina lake n'komwe. Timangoti "kuboma", ndipo aliyense amamva.

Ine ndinabadwira mbali ya ku Bembeke, ndipo ulendo wanga woyamba wa kuboma ndinayenda ndi agogo anga aamuna pa ngolo yodzaza matumba a kachewere, mwezi wa June. Tinanyamuka tambala woyamba atangolira. Chimene ndimakumbukira kwambiri si nyumba zamalata kapena magalimoto, koma chisanu chimene chinkaluma zala mpaka ndinalephera kumasula mfundo ya chingwe titafika pamsika. Agogo anandifunditsa chijasi chawo, nandigulira tiyi wamkaka ndi chitumbuwa kwa mayi wina amene anali atakoleza mbaula pakhonde la sitolo. Patapita zaka ndi pamene ndinaphunzira kusukulu kuti Dedza ndi tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndi kuti nsonga ya phiri imafika mamita 2,198. Nambala zimenezi zinangotsimikiza zomwe zala zanga zinali zitadziwa kale.

Tsiku limenelo ndinaona chinthu chimene chinandidabwitsa. Pamene tinkadutsa pafupi ndi ofesi ya DC, agogo anavula chipewa ngakhale panalibe munthu aliyense pakhomo, ndipo anatsitsa mawu. Nditawafunsa, anangoyankha kuti, "Iwe mdzukulu wanga, pano ndi pa boma." Kwa anthu a msinkhu wawo, liwu limeneli linali ndi matanthauzo awiri osasiyanitsika: malo ndi mphamvu. Angerezi atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwawo, anayamba kumanga timalikulu m'madera, ndipo kumeneko ndi kumene kunkachokera amesinjala odzatolera msonkho wa nyumba, kumene milandu yoposa bwalo la mfumu inkazengedwa, ndiponso kumene amuna ankatenga zitupa popita kukagwira ntchito ku Halale kapena ku migodi ya ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena anasanduka matchona osamvekanso. Choncho tauni yathu sinayambe ngati mudzi umene unakula wokha. Inaikidwa ndi alendo pamalo ozizira amene iwo anawakonda, ndipo anthu a m'midzi anatenga nthawi yaitali kuti ayambe kuiona ngati yawo.

Ichi ndi chifukwa chake ndimanena kuti mbiri ya Dedza simungaipeze mutangozungulira maofesi. Ili kunja, m'mapanga ndi m'midzi, ndipo ndi yakale kwambiri kuposa njerwa iliyonse ya pa boma. Kumpoto chakumadzulo kwa tauni kuli mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, zimanenedwa kuti anajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu anawapeza kuno, omwe m'nthano timawatcha Amwandionerapati. Zithunzi zoyera, zooneka ngati nyama zotambasula miyendo, ndi za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana, pamene zina ndi za Gule Wamkulu. Tanthauzo lake lenileni silinenedwa pagulu, ndipo ine sindingayambe kulinena pano. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti zithunzi zimenezi si za anthu amene anatha. Anamkungwi alipobe m'midzi ya m'tsinde mwa Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ng'oma zimalirabe kudambwe, ndipo mayi wokalamba amene akulima m'munsi mwa phanga angathe kudziwa za chithunzicho zambiri kuposa mlendo wobwera ndi kamera. Komabe ndinafika Fomu 4 ndisanapondeko pa phanga lililonse, ngakhale kuti ndinkaliona phiri la Chongoni tsiku ndi tsiku. Anzanga ambiri a m'kalasi mpaka lero sanapiteko. Zimandiwawanso kuona kuti pa miyala ina anthu analembapo maina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo.

Pambuyo pa Achewa kunabwera Angoni a kwa Maseko, amene anakhazikika ku phiri la Domwe, lomwe lero lili mbali ya Mozambique, kufupi ndi kwathu kuno. Mkangano wa ufumu pakati pa a banja limodzi unagawa mtunduwo, a Gomani n'kutsalira kumtunda cha ku Ntcheu, a Kachindamoto n'kutsikira kuchigwa cha kunyanja ku Mtakataka. Inkosi Gomani yoyamba inaphedwa ndi Angerezi mu 1896, ndipo Angoni amaikumbukirabe akasonkhana pa mwambo wawo wa Umhlangano ku Nkolimbo. Ayao nawo anakhazikika mbali ya kwa Tambala. Zotsatira zake ndi zimene mumamva pamsika wa pa boma tsiku lililonse: wina akuitanidwa ndi mfunda wachingoni, wina wavala chisoti chachisilamu, wina akukamba za zilombo zimene zinatuluka pamaliro dzulo, onse akutsatsana malonda m'Chichewa chimodzi. Mafumu monga Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Kamenyagwaza, Chauma ndi Chilikumwendo onse amakumana pa boma, ndipo dzina la Dedza linamveka kunja kwa dziko chifukwa cha mfumu ina ya kuno, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu, mpaka kuimitsa nyakwawa zimene zinkalekerera mchitidwewo.

Malire ndi nkhani ina imene mlendo samvetsa msanga. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula mzere pakati pa anthu a mtundu umodzi, ndipo kuchokera ku Dedza kupita ku Lizulu pali malo amene msewu wa M1 ndiwo malire enieniwo: kumanzere Malawi, kumanja Mozambique. Azakhali anga anakwatiwa ku Angonia, ndipo pamaliro kapena paukwati tinkangowoloka msewu. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu zikwizikwi anathawira kuno, ndipo ambiri sanafikire kwa alendo koma kwa abale awo. Ndimakumbukira timisasa taudzu m'mbali mwa msewu, mizere ya anthu olandira ufa ndi nandolo, ndi ana atsopano m'kalasi mwathu amene ankawerenga manambala m'Chipwitikizi. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera, koma ubale wa malonda unatsala, ndipo mpaka pano mathiraki amadikirira pachipata cha Dedza kuti awolokere ku Calomue, pamene njinga zonyamula chimanga ndi nyemba zimadutsa m'tinjira ta m'midzi monga zakhala zikuchitira kuyambira kale.

Za mamishoni ndinena mwachidule, ngakhale kuti ndi zambiri. Ansembe a White Fathers anatsegula Mua mu 1902 kumunsi kwa zitunda, kenaka anakwera kudzamanga ku Bembeke kumene mphepo ndi yozizira, ndipo a mpingo wa Dutch, umene lero ndi Sinodi ya Nkhoma, anali ndi malo awo ku Mphunzi. Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Katolika ndiponso woyamba kukhala episkopi, anatsogolera dayosizi ya Dedza. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene kwasungidwa zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma chimene chinatchukitsa tauni yeniyeniyo ndi sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene inatsegulidwa mu 1951, pa nthawi imene dziko lonse linali ndi masekondale owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Anyamata ochokera ku Karonga mpaka ku Nsanje ankabwera ndi mabulangete awo kudzalimbana ndi chisanu chathu, ndipo pakati pawo panali Bingu wa Mutharika, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko. Amene anaphunzira kumeneko amangoitchula ndi keyala yake ya kupositi, Box 48, ndipo akakumana, ngakhale atakalamba, nkhani ya madzi osamba a m'mawa wa July siitha.

Komabe ndikafunsidwa chimene chimayendetsa moyo wa pa boma, sinditchula sukulu kapena ofesi. Ndimatchula kachewere. Nthaka yathu ndi nyengo yozizira zimalola mlimi kukolola kawiri kapena katatu pa chaka: ya mvula kumunda, kenaka ya kudimba m'nyengo yachilimwe, kumene mabanja amathirira ndi makheni kapena kupatutsa madzi a m'timitsinje ndi ngalande. Ntchito yake ndi yowawa. Mbewu imafuna feteleza wokwanira, imafuna kupopera mankhwala mvula ikachuluka chifukwa masamba amapsa ndi chiwawu m'masiku ochepa, ndipo ikakumbidwa siidikira. Apa ndi pamene mlimi amagonjera. Mavenda amafika ndi malole kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amabwera ndi matumba awoawo osokerera kumwamba kuti alowe zambiri, ndipo mtengo amatchula ndi iwo, chifukwa akudziwa kuti mlimi alibe posungira ndipo fizi ya mwana ikudikira. Tchipisi chimene chimakazingidwa pa chiwaya m'mizinda ikuluikulu chimachokera m'minda imeneyi, koma phindu lalikulu limatsalira panjira. Ndinaona agogo akuwerenga ndalama za ngolo yathunthu pansi pa mtengo, akubwereza kawiri, kenaka n'kupita kukagula mchere, sopo, palafini ndi makope anga, ndalamazo n'kuthera pomwepo.

Ndalama zochepa zimenezo, zikaphatikizana za midzi yonse, ndi zimene zimasunga tauni. Boma lonse la Dedza, pamodzi ndi midzi yake, lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018, ndipo ochuluka mwa iwo ndi alimi. Iwo akakolola bwino, wogulitsa malata amagulitsa, telala amasoka mayunifolomu, wakabaza amapeza okwera, ndipo bwalo la mpira limadzaza Dedza Dynamos ikamasewera. Akakolola moipa, ngakhale wogwira ntchito m'boma amene amalandira malipiro pamwezi amaona kuti tauni yazizira kawiri. Alendo akunja amadziwa Dedza chifukwa cha malo oumba mbiya ndi makapu a Dedza Pottery, ndipo ndi zoona kuti malowa apatsa ntchito anthu ambiri, koma msana wa tauni ndi mayi amene amafika mbandakucha atasenza dengu la tomato, mapichesi kapena nsawawa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi phiri. Ndili mwana linali lakuda bii ndi mitengo ya paini, macheka ankalira kufakitale ya matabwa, ndipo ophunzira a kukoleji ya zankhalango ku Chongoni ankabwera kudzaphunzirira pomwepo. Lero mbali zambiri zayera, miyala ikuonekera, ndipo chaka chilichonse moto wolusa umapsereza timitengo timene tabzalidwa kumene. Sindingaloze chala munthu wosauka amene amatsika ndi mtolo wa nkhuni kapena thumba la makala, chifukwa ndikudziwa chimene chamutuma, ndipo ogula makalawo ndife tomwe a m'tauni. Koma madzi amene timamwa pa boma amachokera m'phiri lomwelo, ndipo akasupe amene kale sankaphwa tsopano amachepa mwezi wa October usanafike. Madimba a kachewere amadalira timitsinje tomweto, ndipo madzi a m'mapiri athu ndi amene amadzaza mtsinje wa Linthipe mpaka kukathira m'nyanja ku Salima. Magulu a achinyamata ndi a mipingo amabzala mitengo nyengo ya mvula iliyonse, ndipo ndimawayamikira ndi mtima wonse, ngakhale ndimaona kuti kubzala kumatiyendera bwino kuposa kusamala.

Mwezi wa July wapitawu ndinapita kumudzi ndi mwana wanga wamkazi, amene anabadwira ku Lilongwe ndipo Dedza ankangoidziwa ngati malo ogulirapo kachewere. Tinapatuka pamphambano, ndinamuonetsa pamene agogo anavulira chipewa, tinamwa tiyi pamsika, kenaka tinakwera njinga zamoto kupita ku Chentcherere. Mnyamata wa m'mudzi wapafupi anatitsogolera kukwera mpaka paphanga. Mwanayo anayang'ana zithunzi zoyera zija nthawi yaitali, nandifunsa kuti, "Ababa, zimenezi zikutanthauza chiyani?" Ndinamuuza kuti funso limenelo si la ine, ndi la azakhali ake, ndipo madzulo ake titafika kumudzi anakakhala nawo kukhitchini mpaka moto unazima.