Kabati yonunkha guluu ndi tebulo lomwe ndinatsala pang'ono kulisiya

Nditalowa m'nyumba yatsopano, chinthu choyamba kugula chinali kabati ya zovala, yoyera mbee, yonyezimira. Sabata isanathe, ndikangotsegula chitseko chake m'maso munkayabwa, ndipo m'mawa ndinkadzuka mutu ukulemera. Ndinachapa makatani, ndinakolopa, koma osasintha. Kalipentala amene anabwera kudzakonza chitseko cha kuchipinda ndi amene anandizindikiritsa. Anagogoda kabatiyo ndi chala n'kunena kuti, "Awatu si matabwa ayi, ndi utuchi womata ndi guluu."

Usiku womwewo ndinayamba kuwerenga. Matabwa ambiri a utuchi, monga chipboard ndi MDF, amamatidwa ndi guluu wotulutsa mpweya wotchedwa formaldehyde. Mu 2004 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika mpweyawu m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Umatuluka kwambiri katundu akadali watsopano, makamaka kukatentha kapena kukakhala chinyontho. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinkagona pafupi ndi kabatiyo mawindo ali otseka.

Sindinaitaye. Kutaya chinthu chatsopano n'kuwononga kawiri. Ndinaitulutsa pakhonde pamthunzi kwa masabata angapo zitseko zili pululu, ndipo fungo litachepa ndinaibwezera.

Chomwe chinandisintha maganizo kwenikweni ndi tebulo lakale la matabwa enieni, lomwe posamuka ndinkafuna kulisiya chifukwa linali lokalika komanso mwendo umodzi unkagwedera. Kalipentala yemwe uja analimbitsa mwendowo. Ine ndinalipala ndi sandipepa masiku awiri, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, mizere ya mtengo n'kuyamba kuonekera pang'onopang'ono pansi pa vanishi wakuda uja. Kenako ndinalipaka mafuta a linseed, mafuta a njere otetezera matabwa, katatu. Apa chenjezo: nsanza zonyowa ndi mafutawa zikaunjikidwa zimatha kutentha mpaka kuyaka zokha, choncho muziziyanika panja zotambasula. Tebulolo silinafune kuti mtengo wina udulidwe kapena fakitale iyatse makina, ndipo likadzakalikanso ndidzalipalanso. Kabati ya utuchi ikafufuma ndi madzi, yatha basi.

Makoma a pabalaza ndinawapaka laimu m'malo mwa penti wa mafuta. Laimu akamauma amakoka mpweya wa carbon dioxide n'kubwerera kukhala ngati mwala umene anachokera, sanunkha, ndipo nkhungu simera msanga pa iye. Amaotcha khungu akadali wonyowa, ndiye magolovesi ndi ofunika. Mukamupaka wokhuthala amayoyoka n'kudetsa zovala. Ine ndinapaka wopyapyala maulendo anayi. Khoma lake silikhala losalala ngati galasi, limakhala ndi timitambo, ndipo ndimalikonda choncho.

Makoma owala aja anandichepetsera magetsi. Ndinachotsa sofa pawindo, ndinaika makatani opepuka, ndipo masana sindiyatsanso getsi. Mababu akale aja a kawaya amataya pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu yawo ngati kutentha, ndiye onse ndinaikamo a LED.

Za maluwa a m'miphika ndinene zoona. Anthu amakonda kutchula kafukufuku wa 1989 wa NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, ponena kuti zomera zimayeretsa mpweya, koma anachitira m'mabokosi otseka, osati m'chipinda chenicheni. Kutsegula mawindo awiri oyang'anizana kumathandiza kuposa miphika ingapo. Maluwa ndili nawo chifukwa amandisangalatsa ndikawaona.

Tsopano ndikufuna shelefu ya mabuku. Ndikuyamba ndafufuza matabwa ogwiritsidwapo kale ntchito. Akasowa, ndidzayang'ana okhala ndi chizindikiro cha FSC, chosonyeza kuti achokera m'nkhalango yosamalidwa. Nsungwi zimandikopa chifukwa zimakhwima m'zaka zitatu mpaka zisanu zokha, koma matabwa ake nawonso amamatidwa, ndiye ndisanagule ndidzafunsa kaye kuti guluu wake ndi wotani.