Tsiku lomwe ndinakasumira mbalame kwa ankhoswe

Kutentha kwa ku Salima kumaphika maganizo a munthu. Ndimakhulupirira kuti bizinesi zonse zopanda mutu za m'boma lino zimabadwa mu Okutobala, masana, bambo atakhala pansi pa mtengo wa mango malaya ali paphewa. Yanganso inabadwa chomwecho. Ndinapita ku Senga Bay kukasiya katundu pa loji ina, ndipo pakhonde ndinapeza khola la waya muli timbalame tokongola, tosokosera ngati amayi a pamjigo, alendo akutijambula. Mumtima ndinati, nkhunda aliyense ali nazo, zinziri zinaliza kale anthu, koma izi m'dera lathu palibe.

Ndinakagula tiwiri ku Lilongwe kwa mnyamata wina, pamtengo wokwana nkhuku zinayi zachikuda. Kunyumba ndinanena kuti ziwiri. Dzina lake amati budgie, mtundu wa zinkhwe zing'onozing'ono. Tonse tinali tobiriwira, nkhope zachikasu, mizeremizere yakuda kumsana. Mnyamatayo anandionetsa kasiyanitsidwe kake, kuti ndiziyang'ana kachikopa ka pamwamba pa mlomo pomwe pali mphuno: kakakhala ka buluu ndiye tambala, kakakhala ka bulauni kapena kotuwa ndiye thadzi. Ndinagwedeza mutu, koma nthawi imeneyo n'kuti ndikuwerengera kale phindu, moti mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Wamwamuna ndinamutcha Bwana, wamkazi Dona.

Munthu aliyense wofika pakhomo, ngakhale wodzapempha moto, sankachoka asanamve kuti timbalameti kwawo ndi ku Australia, komwe timauluka kutchire m'magulu akuluakulu, komanso kuti Mngelezi wina dzina lake John Gould ndi amene anapita nato ku England mu 1840. Chakacho ndinkachitchula ngati ndinalipo padoko. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amenenso ndi ankhoswe a banja lathu, anamvetsera kawiri, kachitatu nsanje inawagwira. Anakagula kawo kamodzi ka buluu n'kukatcha Kaputeni. Mayi a kunyumba dandaulo lawo linali limodzi: mawere a thobwa akutha.

Patapita miyezi iwiri, Bwana anayamba kuoneka ngati wabviika mlomo mu ufa. M'mbali mwa mlomo munamera tinkhanambo toyera, tobookabooka ngati chisa cha njuchi, ndipo tinayambanso kumapazi. Tsiku lonse ankangodzikhula pawaya. Ine ndinakulira kumudzi. Nkhuku ikachita mamba kumiyendo, agogo ankaipaka oyilo wakuda wa galimoto, nkhani n'kutha. Ndinatenga kabotolo, ulendo wa pa Kamuzu Road kwa amakaniko, ndipo pobwera ndinazula nthenga ya nkhuku n'kuyamba udokotala.

Nkhuku ukaipaka imangoima n'kumakuyang'ana. Bwana ayi. Anapukusa mutu, anadzikwilira mlomo m'mapiko, anakupiza, ndipo pasanathe mphindi ziwiri m'khola munali kanthu kakuda bii, konyowa, kooneka ngati mleme wogwa m'chimbudzi. Malaya anga oyera a kutchalitchi, omwe anali atayanikidwa pafupi, anachita mathothomathotho.

Mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini, anasuzumira m'khola, kenako anayang'ana ine.

"Abambo, mwagulanso mbalame ina?"

Tinamusambitsa katatu ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, iye akundiluma chala mpaka magazi. Sindinamudandaule, anali ndi chifukwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa mbalame yosalakwa.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa alangizi a ziweto. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anandikalipira. Anati matendawa amayamba ndi nthata zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zotchedwa Knemidocoptes, zomwe zimaboola khungu n'kumakhala m'kati, ndipo timabowo ndinkaona tija ndi njira zake. Zikalekereredwa mlomo umapindika mpaka mbalame kulephera kudya. Oyilo uja akanaipha, chifukwa mbalame imakonza nthenga zake ndi mlomo, ndiye chilichonse chili pathupi chimathera m'mimba. Mankhwala ake ndi ivermectin, kadontho kamodzi pakhungu la kumbuyo kwa khosi, n'kudzabwerezanso pakapita masiku. Anandichenjeza chala chili m'mwamba kuti ndisadzayerekeze kutunga ndekha m'botolo la ng'ombe, pakuti kambalame aka kamalemera magalamu 30 mpaka 40 basi, ndiye mankhwalawo amayenera kusungunulidwa ndi wodziwa. Dona nayenso anamudonthezera ngakhale ankaoneka bwinobwino, ndipo anandiuza kuti nditsuke khola lonse ndi kusintha timitengo totera.

Zoti ndiwalekanitse alangiziwo sananene. Zimenezo zinali nzeru zanga. Ndinaona kuti si bwino mkazi aziona mwamuna wake ali m'maonekedwe amenewo, choncho Dona ndinakamusiya kwa alamu kwa milungu itatu, ngati mayi wopita kwawo mwamuna ali m'chipatala.

Bwana anachira, nthenga zinabwerera, Dona anabwera. Ndinawakhomera kabokosi ka matabwa kokhala ndi bowo lolowera, pansi pake ndinasema kadzenje kuti mazira asamagubuduzike. Chikondi chinayaka. Bwana ankagwedeza mutu, kuimba, kenako kubzikula mawere n'kumudyetsa Dona kukamwa, zomwe mayi a kunyumba ankati n'zonyansa koma ndithu n'zoposa zomwe ena amachitira akazi awo. Patatha mwezi ndi theka dzira loyamba linaoneka. Ankaikira lero, mawa n'kupumula, mkuja linanso, mpaka anakwana asanu. Pa masiku 18 loyamba linaswa, enawo n'kumatsatira modumphitsa momwemo. Anaswa anayi. Ana a timbalameti pobadwa ndi oipa zedi, opanda nthenga, maso otseka, mimba zokhazokha. Ine ndinkawaona ngati ndalama zamapepala.

Nthenga zitayamba kumera, atatu anali obiriwira ngati makolo awo. Wachinayi ndinamutulutsa n'kupita naye padzuwa kuti mwina mdima wa m'bokosi ukundinamiza. Buluu. Buluu weniweni ngati nyanja ya ku Senga Bay m'mawa kopanda mwera, kankhope koyera.

Ndinakhala pansi. Bwana ndi wobiriwira. Dona ndi wobiriwira. M'dera lathu lonse mbalame ya buluu inali imodzi yokha, ndipo Dona anagona kwawo kwa mbalame imeneyo milungu itatu.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. M'mawa ndinamuona Bwana akulowa m'bokosi kukadyetsa ana onse anayi mosasankha, ndipo mtima unandiwawa. Mwamuna mnzanga, wangochira kumene, akulera mwana wa eni. Nditawafotokozera mayi a kunyumba, anandifunsa ngati ndamwa mankhwala anga a BP.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinamangirira khola pa kaliyala ya njinga, ulendo wa kwa alamu. Ana a m'njira anayamba kunditsatira, ndipo pofika ndinali ndi gulu ngati la gule. Mayi a kunyumba ankabwera m'mbuyo chapatali, pamodzi ndi mwana wathu wamkazi wa Fomu 4, yemwe anafunda chitenje kumutu kuti anzake asamuzindikire.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu."

Alamu anasintha nkhope. Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete, anaitanitsa mipando, anakhosomola monga amachitira ankhoswe.

"Mlongo wangayu watani, alamu?"

"Si iwowa ayi. Ndi Dona."

Ndinayala nkhani yonse mwadongosolo, masiku ndi milungu, kenako ndinatulutsa mwana wa buluu uja n'kumukweza m'mwamba ngati umboni wa kukhoti. Pempho langa linali laling'ono: Kaputeni alipe thumba la mawere lolerera mwana wake. Alamu poyamba anakana kwamtuwagalu, koma alamu aakazi, omwe pakamwa pawo sipasunga kanthu, anaulula kuti mphaka atavuta, mbalame ziwirizo anaziika m'khola limodzi masiku awiri. Anthu onse anati "Eeeee!" Ine ndinangopinda manja pachifuwa.

Alamu si munthu wogonja. Anati chabwino, ngati mwanayo ndi wa Kaputeni, ndiwapatse, azilera okha. Pamenepo mdala wina woyandikana nawo, yemwe palibe anamuitana, anaimirira n'kunena kuti kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, bambo ndi wongobereka, choncho mwanayo akhala kwa Dona ndipo mawere aperekedwe. Mayi wina anati nanga Donayo bwanji sakufunsidwa, nthawi zonse mumangoweruza mkazi asanalankhule. Nkhani inakula. Wina anatuma mwana kukagula nzimbe.

Kenako anati wopalamulayo abwere. Khola la Kaputeni linaikidwa pakati pa bwalo. Mkuluyo sanali pakamtengo monga mwa masiku onse. Anali pansi, pakona, nthenga atafufumitsa, mchira ukukwera ndi kutsika.

"Mwaona?" ndinatero ine. "Manyazi amugwira. Wosalakwa sakhala choncho."

Kaputeni anadzigwedeza kamodzi, anasuntha pang'ono, anakwera pakamtengo. Pomwe anakhala paja panali kadzira koyera, kakang'ono ngati nsonga ya chala.

Bwalo lonse linati zii. Kamwana kena ka mamina ndi komwe kanafuula: "Kaputeni waikira!"

Phwete lomwe linaphulika pamenepo ndikhulupirira analimva ku Chipoka. Mdala uja anatsamwa ndi nzimbe. Alamu anayang'ana dzira, anayang'ana mbalame yawo yomwe kwa miyezi yonseyi ankaitamanda kuti ndi mwamuna wolusa, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

Mwana wanga uja anachotsa chitenje kumutu n'kubwera kutsogolo, nkhope ili gwa.

"Ababa, tayang'anani mphuno."

Kachikopa ka pamlomo pa Kaputeni kanali ka bulauni, kokakala. Mawu a mnyamata wa ku Lilongwe aja anabwerera m'khutu momwe anatulukira. Ine ndi alamu tonse tinkaganiza kuti nthenga za buluu ndiye umuna. Mwanayo anawonjezera kuti thadzi limatha kuikira lokha popanda tambala, monga nkhuku, kungoti dziralo siliswa.

"Nanga mwanayu wachokera kuti?" anafunsa alamu, mawu atachepa.

"Ndi majini, amalume."

Agogo ena omwe anakhala pamphasa anadzambatuka n'kuyamba kupemphera mokweza, akuti ankadziwa kale kuti mbalame zachilendozi zili ndi ziwanda. Zinatenga nthawi kuwakhazika pansi ndi kuwafotokozera kuti awa ndi majini a ku Bayoloje, osati a kunyanja.

Mwanayo anapempha nyemba ndi chimanga kukhitchini n'kuziyala pansi. Anati kubiriwira kwa timbalameti ndi mitundu iwiri yosanjikizana, chikasu pamwamba pa buluu, monga umachitira posakaniza penti. Ya buluu ndi mbalame yomwe thupi lake silipanga chikasucho, n'chifukwa chake nkhope yake imayera m'malo mokhala yachikasu. Mbalame iliyonse imalandira mbewu ziwiri za mtundu, ina kwa bambo ina kwa mayi. Chimanga chikhale kubiriwira, nyemba ikhale buluu. Chimanga chikakhalapo ngakhale chimodzi, mbalame imaoneka yobiriwira, nyemba imangobisala. Bwana ali ndi chimanga ndi nyemba, Dona chimodzimodzi. Anasakaniza kanayi ife tikuona: chimanga ndi chimanga, chimanga ndi nyemba, nyemba ndi chimanga, nyemba ndi nyemba. Komaliza ndiye ka buluu. Dzira lililonse lili ndi mwayi umodzi mwa inayi, ndipo anati zimenezi anazitulukira wansembe wina dzina lake Gregor Mendel polima nsawawa m'zaka za m'ma 1860. Ndinaona kuti chakacho akuchitchula ndi kamawu komwe ine ndimatchulira 1840, ndipo ankandiyang'ana.

Alamu anavalanso bwino jekete. Anati monga nkhoswe, apeza kuti Dona ndi mayi wokhulupirika, Bwana ndi bambo wa ana ake onse, ndipo ine ndaipitsa mbiri ya Mayi Kaputeni pagulu. Chindapusa chake nkhuku imodzi. Mdala wa nzimbe anavomereza.

Pobwerera ndinkakankha njinga, khola lili kumbuyo, ana a Dona akulira njala. Mayi a kunyumba anayenda chete mpaka tinadutsa pachigayo. Kenako anayankhula osandiyang'ana.

"Abambo, mwana wakuphunzitsani lero uja, mukukumbukira tsiku lomwe anabadwa?"

Ndinakumbukira. Anabadwa woyera mbee, ife tonse awiri tili akuda. Amayi anga anamuyang'ana kuchipatala n'kufunsa kuti kodi kwanuko kumabwera alendo otani, ndipo ine ndinakhala duu osawayankha. Zinatengera azakhali anga kudzanena kuti khandalo latengera agogo anga aakazi, mpaka makutu omwe.

"Nkhukuzo zikhale ziwiri," anatero mayi a kunyumba.

Ya alamu anaidya Lachiwiri. Ya mayi a kunyumba ikadalipo, ndi thadzi lakuda, ndipo mwezi watha linaswa anapiye asanu ndi awiri. Atatu ndi oyera, mmodzi ndi wamawangamawanga. Ndinawawerenga, ndinawathirira madeya, ndinalowa m'nyumba.