Nyali zitatu za pa batire ya Amayi

Batire ya kunyumba kwathu ku Chawama inafa mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankabwera maola ochepa, kawirikawiri anthu tili mtulo. Inali ya lead-acid, 12V, 100Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire imasunga), yolumikizidwa ku sola imodzi ya padenga. Amayi ankayatsira mababu ndi TV yaing'ono, komanso ankatchajira aneba mafoni pa kandalama kochepa kogulira ndiwo. Ankaigwiritsa ntchito mpaka mababu ayambe kufiira, m'mawa dzuwa n'kuidzutsanso. Palibe m'nyumba amene ankadziwa kuti tikuipha. Amalume, amene amakonza magetsi a magalimoto ku Kanyama, ataiyeza anapukusa mutu. Anati batire yamtunduwu ikamatsitsidwa kwambiri tsiku ndi tsiku, sulphate imauma pa ma plate ake, ndipo ikatero singasungenso moto.

Abale anasonkha n'kugula ina. Choncho aphunzitsi kukoleji atatiuza kuti aliyense asankhe kapolojekiti, ine sindinachedwe. Ndinkafuna kanthu kamene Amayi angangokayang'ana, osawerenga manambala, n'kudziwa ngati batire ili ndi mphamvu kapena ikufuna kupuma.

Choyamba chimene chinandidabwitsa ndi manambala ake. Batire ya 12V ili ndi ma cell 6, ndipo iliyonse ikadzaza imapereka pafupifupi 2.1V. Ndiye yodzaza, itapuma, imawerenga 12.6V kapena 12.7V. Ikafika theka imawerenga cha m'ma 12.2V. Mita ikakuonetsa 12.0V, musasangalale kuti dzina ndi nambala zagwirizana, imeneyo ndi batire yanjala. Kuchokera pa yokhuta kufika pa theka pali kampata kosapitirira theka la volt, ndipo ntchito yanga yonse inali m'kampata kameneka.

Ndinayamba ndi njira imene ambiri m'kalasi tinaiona yapafupi: zener ya 10V (kachipangizo kamene kamalola magetsi kudutsa voltage ikafika pa nambala yake), nambala yake 1N4740A, LED (kanyali kakang'ono) yobiriwira ndi resistor (yochepetsa magetsi odutsa) ya 220 ohms, zonse mu mzere umodzi pa breadboard, kabolodi koyeserapo popanda kuwotcherera. Maganizo anali akuti zener idya 10V, LED idya pafupifupi 2V, ndiye nyali iyaka pokhapokha voltage itapitirira 12V. Papepala zinkaoneka zolongosoka. Titalumikiza ku power supply ya m'labu n'kumatsitsa pang'onopang'ono, nyali ija sinazime pa 12V. Inkangochepa kuwala ngati khala likamatha, ndipo pa 11.6V inali ikuonekabe. M'chipinda cha mdima Amayi akanati batire ili bwino, pamene yatha kale.

Aphunzitsi anatsegula datasheet, pepala la opanga lofotokoza za zener ija, n'kundilozera ndi cholembera pamene palembedwa 5%. Zener yolembedwa 10V ikhoza kukhala paliponse pakati pa 9.5V ndi 10.5V, ndipo magetsi odutsamo akachepa imayamba kudontha isanafike pa nambala yakeyo. “Iwe,” anatero, “ukufuna kuyeza mchere wa m'ndiwo ndi meda ya chimanga.” Mawu amenewa ndinapita nawo mpaka pa minibasi. Choyezera changa chinkatha kuphonya ndi theka la volt, kumwamba kapena kumunsi, pamene chimene ndinkafuna kusiyanitsa ndi 0.4V.

Yankho linachokera m'katoni ya Amalume ya matchaja akufa. Ambiri mwa iwo, komanso ma power supply a kompyuta, ali ndi kachipangizo kakuda ka miyendo itatu kooneka ngati transistor, kolembedwa TL431. M'kati mwake muli muyezo wosasunthasuntha wa pafupifupi 2.5V. Voltage ya pa mwendo wake woyezera, wotchedwa reference, ikapitirira muyezowu, kamatsegula njira ndipo magetsi amadutsa, ikatsika, kamatseka. Sikazengereza ngati zener ija. Amalume anandizulira tinayi, n'kunena kuti, “Mphwanga, mwendo wapakati ndi anode, upite ku negative. Iwiri inayo uyang'ane pa datasheet, usalote.”

Chotsala chinali kuchepetsa voltage ya batire kuti ifanane ndi 2.5V, ndipo apa mpamene voltage divider, ma resistor awiri ogawana voltage, imene tinkangoiloweza chifukwa cha mayeso inakhala chinthu chamoyo kwa ine. Ukaika 39k pamwamba ndi 10k pansi, pakati pamatuluka magawo 10 mwa 49 a voltage yonse. Pa 12.2V zimapereka 2.49V, pakhomo penipeni. Koma ma resistor nawo amaphonya, TL431 nayonso imaphonya pang'ono, choncho pamwamba ndinaika 33k ndi preset ya 10k, resistor yopotoza, kuti ndizikhoza kusuntha malire ndi screwdriver. Ndinapanga magawo awiri ofanana, lina la nyali yobiriwira, lina la yachikasu, LED iliyonse ndi resistor yake ya 1k. Yofiira ndinangoilumikiza kudzera pa resistor, kuti iziyaka nthawi zonse. Ikatsala yokha, ndiye kuti zinthu zafika poipa.

Panali kavuto kamene kanandidyera masiku awiri. TL431 ikatseka, yobiriwira inkanyezimirabe pang'ono kwambiri, moti masana sungaone koma usiku imaoneka. Ndinasintha LED, ndinasintha mawaya, osatheka. Kenako ndinamvetsa kuti kachipangizoka, ngakhale katatseka, kamamwabe timagetsi tosakwana 1mA kuti kakhale maso, ndipo LED zamasiku ano zimawala ndi tochepa tomweto. Nditaika resistor ina ya 1k mopingasa miyendo ya LED, timagetsito tinapeza njira ina, nyali n'kuzima zii.

Kukonza malire kunali kosavuta koma kofuna mtima. Ndinaika power supply pa 12.4V, multimeter ili pompo, n'kupotoza preset mpaka yobiriwira itangoyaka kumene. Yachikasu ndinaiika pa 12.1V. Ndinatsitsa n'kukweza kangapo kuti nditsimikize kuti ikuyaka ndi kuzima pamalo omwewo.

Kuwotcherera pa veroboard, kabolodi komangirapo zonse kuti zikhazikike, ndinachita usiku, malaiti atabwera, soldering iron ili pa tebulo limene Amayi amaikapo mbale. Ndinaika fyuzi ya 1A pafupi ndi positive ya batire, chifukwa batire yaikulu chotere mawaya akagundana imatha kuwasungunula. Ndinaikanso kabatani kodina. Nyali zitatu zoyaka usana ndi usiku zimadya zoposa theka la Ah patsiku. Ndi zochepa, koma sindinafune kuti choyang'anira batire chizidyanso batireyo. Zonse ndinazilowetsa m'kabokosi ka pulasitiki ka majarini, mabowo atatu ndinaboola ndi msomali wotentha.

Phunziro lina linandidikira kunyumba. Amayi anadina masana, zonse zitatu zinayaka. Madzulo TV ili mkati anadinanso, yofiira yokha. Atazimitsa TV n'kudikira pang'ono, yachikasu inabwerera. Anandifunsa kuti, “Nanga kanthu kakoka kakunena ziti, mwanawe?” Circuit sinalakwe. Sola ikamatchaja, voltage imakwera kupitirira 13V, mwina mpaka 14.4V, ngakhale batire isanadzaze. Ikamakoka katundu imatsika, n'kukweranso ikapuma. Manambala aja a 12.6V ndi 12.2V ndi a batire imene yakhala phee kwa maola angapo. Tinagwirizana kuti azidina m'mamawa, dzuwa lisanagunde denga, zonse zili zozimitsa.

M'nyengo ya mvula kunachita mitambo masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu ndinawamva akudzuka kusanache, kabatani n'kulira. Yobiriwira sinayake. Aneba atabwera ndi mafoni anayi, Amayi analandira awiri okha, enawo anawauza kuti abwere mawa dzuwa likawala. Usiku umenewo TV sitinayatse.

Mmodzi wa anebawo wandipempha kuti ndimupangire kake. Batire yake ndi ya lithium, mtundu wa LiFePO4, imene voltage yake imakhala cha m'ma 13V kwa nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi kumapeto. Nyali zanga zingamuonetse zobiriwira mpaka itatsala pang'ono kutha. Ndamuuza kuti andidikire, ndipo sabata ino ndayamba kuwerenga za shunt, yoyezera magetsi amene alowa ndi amene atuluka.