Ndinapita ku Baltimore kukaona kwawo kwa mapositala

Sitima ya MARC ndinaikwerera pa Union Station ku Washington m'mamawa, ndipo patangotha ola limodzi ndinali nditatsika pa Penn Station ku Baltimore, chikwama chachikulu chophwatalala chili kukhwapa. Papita zaka ndikutolera mapositala akale olengeza zoimbaimba za jazz ndi rhythm and blues, ndipo ambiri amene amanditenga mtima ali ndi timawu ting'onoting'ono m'munsi mwake: Globe Poster, Baltimore. Ndinkafuna kukafika kumene ankawasindikiza.

Kampani ya Globe inayamba mu 1929 ndipo inatseka mu 2010. Mwamwayi zipangizo zake sizinamwazike. Mu 2011 sukulu ya zaluso ya Maryland Institute College of Art inazigula, ndipo mpaka pano zikugwirabe ntchito m'manja mwa ophunzira. Kuchokera pasiteshoni ndi ulendo wapansi.

Kusukuluko atanditsegulira dirowa yoyamba ndinasowa chonena. Munali zilembo zamatabwa zitandanda, zonse zotembenuzidwa, zakuda bii ndi inki, m'mbali mwake mosalala ngati chigwiriro cha mthiko wakale. Ndinanyamula R wamkulu kuposa chikhatho changa. Pakona pake panali kachipsera, ndipo ndinaganiza kuti kachipsera kameneka kanadindidwa pa positala iliyonse imene chilembocho chinagwirapo ntchito. Kapangidwe kake nkosavuta kumva: amayamba athira mitundu yowala ija ya Day-Glo, yapinki, yachikasu, yaolenji, kenako pamwamba nkudinda mayina ndi nkhope za oimba ndi inki yakuda. Cholinga chinali chakuti munthu wodutsa pagalimoto awerenge dzina la James Brown, B.B. King kapena Aretha Franklin asanaphethire.

Masana ndinalowera ku msewu wa Pennsylvania Avenue, kumene kunali holo ya Royal. M'nthawi ya tsankho, oimba akuda ankazungulira m'maholo amene ankawalandira, njira imene inkatchedwa Chitlin' Circuit: Apollo ku Harlem, Howard ku Washington, Regal ku Chicago, Uptown ku Philadelphia, ndi Royal kuno ku Baltimore. Royal inagwetsedwa mu 1971. Pamalopo pali chikumbutso chooneka ngati chikwangwani cha pakhomo pa holo, ndipo chapafupi pali chiboliboli cha woimba Billie Holiday, amene anakulira mumzinda uno. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, magalimoto akungodutsa. Zinandiwawa. Nyumba ya njerwa inapita, koma makatoni amene ankakhomedwa pamapolo kuti akhale sabata ziwiri zokha, mvula iwanyowetse, kenako atayidwe, ndi amene atsala kutiuza amene anaimba, liti, komanso pakhomo ankalipira zingati.

Nchifukwa chake ine positala yosalala bwino sindiikhulupirira msanga. Ndinagwapo kale m'mbuna: ndinagula ina pa intaneti, itafika ndinapeza kuti ndi pepala lonyezimira losindikizidwa pakompyuta, wogulitsa nkuzimiririka. Yeniyeni imakhala ya katoni yokhuthala, nthawi zambiri mainchesi 22 m'lifupi ndi 28 m'litali, ili ndi timabowo ta misomali kapena ta sitepula m'makona, ndipo ukaisisita ndi chala umamva pamene chilembo chinadinda.

Madzulo ndinalowa m'kasitolo kena kogulitsa malekodi akale. Eni ake, bambo achikulire aimvi mbuu, atamva chimene ndinkafuna anandiyang'ana kaye, kenako anasolola makatoni anayi kuseri kwa kabati. Atatu anali a oimba otchuka, mtengo wake wosayandikirika. Yachinayi inali ya dansi m'kaholo kakang'ono, gulu losadziwika kwenikweni, anyamata asanu atavala masuti ofanana. Mbali imodzi pinki anali atasuluka ndi dzuwa, ndipo kukona kunali dzimbiri la msomali.

Vuto la mapositala amenewa ndi lakuti chaka sankalemba. Ankalembera anthu a sabata yomweyo, ndiye chaka cha chiyani? Pa iyi panangolembedwa kuti Loweruka, March 14. Bambowo anatulutsa kakalendala ka zaka zambiri kamene amasunga m'dirowa, tinawerama tonse pakauntala. March 14 anagwa Loweruka mu 1959, mu 1964 ndi mu 1970.

“Taonani apa, mwanawe,” anatero akuloza ndi chikhadabo mzere wapansi. Panali mawu olengeza mpikisano wa gule wa twist, amene anatchuka kuyambira 1960. Ndiye 1959 inachoka. Kenako anandionetsa mataye opyapyala ndi tsitsi lowongola la anyamatawo, nkunena kuti pofika 1970 achinyamata ambiri anali atayamba kusunga afro. Tinagwirizana pa 1964. Anasekerera ngati tapeza mbale wathu wotayika.

Sindinanenerere kwambiri. Anaikulunga okha m'pepala lopanda asidi, nkundilangiza mobwereza kuti ndisaipinde, ndisamatepo tepi, ndipo ndisayerekeze kuipachika poyang'anana ndi windo, chifukwa mitundu ya Day-Glo imafulumira kusuluka.

M'sitima yobwerera munali modzaza, ndipo chikwamacho ndinachifungatira pamiyendo mpaka ku Washington. Pano positalayo ili pakhoma la m'kanjira kolowera kuchipinda, pamene dzuwa silifika. Dzimbiri la kukona lija ndinalisiya momwemo.