Makala a mitengo kapena mabriketi?

Mwagula kumene mbaula yowotchera nyama? Musanagule makala, onani kaye chimene mukufuna kuwotcha. Kanyenya wodula mopyapyala kapena chambo, tengani makala a mitengo: pakatha mphindi 15 akolera, moto wake ndi waukali, koma sachedwa kutha, ndipo pansi pa thumba mumapezamo nyenyeswa zokhazokha. Nkhuku yathunthu imafuna mabriketi, makala oumbidwa kuchokera ku fumbi la makala. Amachedwa kukolera, mwina mphindi 25, koma moto wake sumasinthasintha kwa ola lathunthu. Dikirani ayere ndi phulusa musanaike waya. Vuto lake ndi phulusa lomwelo: likatseka timabowo ta mpweya pansi, moto umafooka nyama isanapse.

Unjikani makala mbali imodzi, kuti mafuta akabutsa malawi musunthire nyama kwinako. Parafini ayi ndithu, fungo lake limalowa m'nyama.